Masahiko Kimura: ngwazi ya judo yomwe dzina lake lidasungidwa ndi omwe idawagonjetsa

Aliyense wotsatira masewero olimbana omwe munthu amapambana pomukakamiza mnzake kugonja, monga mpikisano wa ADCC womwe umasonkhanitsa akatswiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana, amalidziwa liwu loti kimura. Ili ndi dzina la kagwiridwe kena ka mkono. Wosewera amagwira mkono wa mnzake pafupi ndi dzanja, n'kupisa mkono wake wina kunsi kwa mkono wogwidwawo mpaka atadzigwira yekha, kenaka amaupinda kulozetsa kumsana kwa mwiniwake. Phewa ndi chigongono sizidalengedwe kuti zizitembenuka chotero, motero wogwidwayo akachedwa kumenya pansi posonyeza kugonja, phewa limaguluka kapena fupa limathyoka.

Achinyamata ambiri omwe amaphunzira kagwiridweka sadziwa n'komwe kuti akutchula dzina la munthu. Munthuyo adali Masahiko Kimura, katswiri wa judo wa m'dziko la Japan yemwe adamwalira m'chaka cha 1993. Kagwiridweka sadakayambitse ndiye. A judo adali nako kale pa dzina loti ude garami, ndipo olimbana a ku Ulaya ndi ku America nawonso ankakadziwa. Dzina lake lidamatirira pamenepo kaamba ka tsiku limodzi mu mzinda wa Rio de Janeiro, ndipo omwe adalimatapo ndi anthu a ku Brazil omwe ngwazi yawo iye adaithyola mkono tsikulo. Kwawo ku Japan anthu wamba kwa zaka zambiri ankamukumbukira ndi tsiku lina, lomwe adagwa chafufumimba magazi ali chuchuchu, dziko lonse likuonera pa wailesi yakanema.

Kimura adabadwa pa 10 Sepitembala 1917 m'chigawo cha Kumamoto, pa chilumba cha Kyushu, kummwera kwa Japan. Banja lake lidali losauka. Bambo ake ankapeza ndalama povuula miyala mumtsinje n'kumagulitsa, ndipo mnyamatayo adayamba kuwathandiza ntchitoyo akadali wamng'ono. Olemba mbiri yake amati mphamvu za m'chiuno ndi m'miyendo zomwe adadzatchuka nazo adazitenga m'madzi momwemo. Judo adaiyamba ali ndi zaka pafupifupi 10, ndipo adakwera mofulumira kwambiri. Mu judo, luso la ovala lamba wakuda limayesedwa ndi makwerero otchedwa dan, ndipo Kimura adafika pa dan yachisanu m'chaka cha 1935 ali ndi zaka 18 zokha, msinkhu womwe padalibe wina adafikapo pa mulingo umenewu.

M'chaka chomwecho adatengedwa ndi a Tatsukuma Ushijima, mphunzitsi wa judo pa yunivesite ya Takushoku mu mzinda wa Tokyo, omwe nawonso kwawo kudali ku Kumamoto. A Ushijima adali katswiri woopedwa m'nthawi yawo, koma adali ndi chilonda mumtima: mpikisano wochitikira pamaso pa mfumu yayikulu ya dziko la Japan, womwe udali ulemu woposa wina uliwonse, udawapulumuka. Adaganiza zoumba mnyamata woti akawatengere chomwe iwo adalephera. Kimura ankagona kunyumba kwawo, ndipo maphunziro ake adali ankhanza ndithu.

Apa m'pofunika kufotokoza mtundu wa judo yomwe Kimura adakuliramo, chifukwa ndi yomwe idadzamupulumutsa ku Brazil. Judo idakhazikitsidwa ndi a Jigoro Kano m'chaka cha 1882 pa sukulu yawo ya Kodokan, ndipo akuluakulu a sukuluyi ankalemekeza kwambiri luso logwetsa munthu ataimirira. Koma ophunzira a m'sukulu zapamwamba adali ndi mpikisano wawo wotchedwa kosen, momwe malamulo ankalola kumukokera mnzako pansi n'kulimbana naye pomwepo nthawi yaitali, mpaka wina atapanikizidwa, kukanyangidwa pakhosi kapena kupindidwa mkono. Kimura adasewera mumpikisanowu, ndipo timu ya Takushoku idatenga chikho m'chaka cha 1936 iye ali patsogolo. Motero adali m'gulu la anthu owerengeka omwe ankaopsa ali chiimire komanso ali pansi.

Zolembedwa zambiri zimati pa moyo wake wonse wa judo Kimura adagonjapo kanayi kokha, ndipo konseko kudali m'chaka cha 1935. Kugonjako kudamupweteka kotero kuti adatsala pang'ono kusiya masewerowa. M'malo mwake adadziikira lamulo lakuti aziphunzira kuchulukitsa katatu zomwe anzake ankachita, poganiza kuti kuwirikiza kawiri aliyense wakhama angathe. Malinga ndi zomwe iye mwini adalemba m'buku la moyo wake, ankatha maola pafupifupi 9 kapena 10 patsiku akuyeserera, ndipo usiku ankakamenya mtengo ndi mwendo pofuna kunola kagwetsedwe kotchedwa osoto gari, komwe munthu amamupinga mnzake mwendo kuchokera kunja n'kumugwetsa chagada. Akuti kudafika poti anzake ena ankamupempha kuti asagwiritse ntchito kagwetsedweka pa nthawi yoyeserera, chifukwa ambiri ankakomoka mutu ukagunda pansi.

Zipatso zake zidaoneka msanga. M'chaka cha 1937, ali ndi zaka 20, adakhala katswiri wa dziko lonse la Japan, ndipo adateteza ukatswiriwo mu 1938 ndi 1939. M'chaka cha 1940 kudachitika mpikisano wa pamaso pa mfumu uja, ndipo Kimura adagonjetsa Takahiko Ishikawa mu ndime yomaliza pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Loto la a Ushijima lidakwaniritsidwa.

Kenaka nkhondo idamudyera zaka zake zabwino. Adaitanidwa ku usilikali, ndipo Japan itagonja mu 1945, akuluakulu a asilikali a America omwe ankalamulira dzikolo adaletsa judo m'sukulu poiona ngati mbali ya maphunziro a nkhondo. Munthu yemwe adalibe luso lina koma judo adapezeka alibe pogwira, ndipo ankangodyera timalonda tosadziwika bwino. Ngakhale zidali choncho, mu 1949 adabwereranso pa mpikisano wa dziko lonse ali ndi zaka 31. Adakumananso ndi Ishikawa mu ndime yomaliza, padasowa wogwetsa mnzake, ndipo onse awiri adapatsidwa ukatswiri.

Chomwe chidatembenuza moyo wake chidali matenda a m'banja. Mkazi wake adadwala chifuwa chachikulu, nthenda yomwe inkapha anthu ambiri ku Japan m'zaka zimenezo. Mankhwala atsopano otchedwa streptomycin adalipo, koma ankachokera ku America ndipo mtengo wake udali woti munthu wamba sakadaukwanitsa. Judo ya Kodokan idalibe malipiro, pakuti a Kano adaiumba ngati maphunziro a khalidwe, ndipo kusewera pofuna ndalama kunkaonedwa ngati kuipitsa dzina lake. M'chaka cha 1950 Kimura adalowa bungwe la judo yolipidwa lomwe a Ushijima adatsogolera, koma bungwelo lidagwa chaka chisanathe chifukwa chosowa ndalama. Adawoloka nyanja kupita ku Hawaii, komwe adayamba kuchita zionetsero za judo ndi masewero a wrestling, aja omwe wopambana amagwirizana kale asanakwere m'bwalo. Ndalama zomwe adapeza adagulira mankhwala, ndipo mkazi wake adachira. Wofuna kuweruza Kimura pa zomwe zidatsatira ayenera kuyamba wakumbukira zimenezi.

Mu 1951 nyuzipepala ina ya anthu a ku Japan okhala mu mzinda wa São Paulo idamuitana ku Brazil pamodzi ndi anzake awiri, Toshio Yamaguchi ndi Yukio Kato. Anthu a ku Japan adayamba kusamukira ku Brazil mu 1908 kukagwira ntchito m'minda ya khofi, ndipo pofika nthawiyi adali ambiri zedi. Nkhondo idawasiya ogawanika. Ena adakana kukhulupirira kuti dziko lawo lagonja, mpaka gulu lotchedwa Shindo Renmei lidapha anzawo ena omwe ankanena chilungamo. Kwa anthu osweka mtima chotere, kubwera kwa katswiri wa judo sikudali nkhani ya masewero chabe.

Ku Rio de Janeiro kudali banja la a Gracie. Mkulu wawo, Carlos, adaphunzira kulimbana mu mzinda wa Belém kudzera ku sukulu ya Mitsuyo Maeda, munthu wa Kodokan yemwe adafika ku Brazil mu 1914. Choncho luso lawo, lomwe ankalitcha jiu-jitsu, lidali mphukira ya mtengo womwewo wa judo, kungoti iwo adalimbikira kwambiri za pansi. Mng'ono wake wa Carlos, Hélio, adali munthu wochepa thupi koma wodziwa kudzitchukitsa poputa akatswiri poyera. Adaputa Kimura, ndipo adauzidwa kuti ayambe wakumana ndi Kato, yemwe adali wofanana naye thupi. Awiriwa adalepherana pa 6 Sepitembala, koma atakumananso ku São Paulo kumapeto kwa mwezi womwewo, Hélio adamukanyanga Kato pakhosi ndi kolala ya malaya mpaka kukomoka. Anthu a ku Japan adachita manyazi aakulu, ndipo Kimura adalibenso kothawira.

Adakumana pa 23 Okutobala 1951 pa bwalo la Maracanã, pomwe chaka chapitacho Brazil idalira itagonja 2-1 kwa Uruguay pa masewero otsiriza a chikho cha mpira wa miyendo cha dziko lonse. Anthu pafupifupi 20,000 adafika. Kimura adalemba kuti atalowa m'bwalomo adaona bokosi la maliro lomwe otsatira a Gracie adamukonzera, ndipo ena adamugenda ndi mazira. Malamulo a tsikulo ndiwo ofunika kwambiri pa mbiri ya masewerowa: ndime zitatu za mphindi 10 iliyonse, popanda kuwerenga mapointi. Kugwetsa munthu chagada, komwe mu judo kumathetsa masewero nthawi yomweyo, sikudali kanthu. Kumupanikiza pansi sikudalinso kanthu. Wopambana adali yekhayo womugonjetsa mnzake kapena kumukomola.

Kimura adali ndi zaka 34, Hélio 38. Kimura adali wolemera kuposa mnzakeyo, ngakhale kuti kusiyana kwenikweni kwa makilogalamu mbali ziwirizi zimakufotokoza mosiyana, aliyense mokomera kwake. M'ndime yoyamba Kimura adamugwetsa Hélio mobwerezabwereza, akuyembekeza kuti akomoka ngati anzake a ku Tokyo aja, koma mphasa yomwe adayala idali yofewa. Ataona kuti kugwetsa sikuthandiza, adatsikira pansi, komwe a Gracie ankakutenga ngati kwawo, ndipo adamupanikiza Hélio ndi magwiridwe osiyanasiyana omwe adaphunzira m'masiku a kosen. Mphindi zochepa ndime yachiwiri itayamba, adamugwetsanso n'kumugwira mkono wamanzere ndi ude garami. Hélio adakana kumenya pansi. Kimura adapitiriza kupinda, ndipo malinga ndi iye mwini, fupa lidamveka kuthyoka. Hélio adakanabe. Mkulu wake Carlos ndiye adaimitsa masewerowo, patatha mphindi pafupifupi 13 chiyambireni.

A Gracie sadabise kugonjaku, koma adadziwa kukusandutsa chuma. Iwo ankafotokoza kuti Kimura adanena yekha asanayambe kuti Hélio akapirira mphindi zitatu adziyese wopambana, motero mphindi 13 zidali ulemerero. Kaya mawuwo adanenedwadi chotero, chomwe chili chodziwika n'chakuti kuyambira pamenepo a jiu-jitsu a ku Brazil adayamba kutchula kagwiridwe kaja kuti kimura, ndipo adakaika pakati pa maphunziro awo. Kimura nayenso adalemba za Hélio mwaulemu, pochita chidwi ndi munthu wolola mkono kuthyoka osagonja.

Zikadathera pomwepo, mbiri yake ikadakhala yosalala. Koma atabwerera ku Japan adapeza masewero a wrestling akuyamba kutchuka, motsogozedwa ndi Rikidozan, munthu wobadwira ku Korea yemwe kale adali katswiri wa sumo. Mu Febuluwale 1954 awiriwa adagwirizana kulimbana ndi abale awiri otchedwa Sharpe ochokera ku North America. Wailesi yakanema idali itangoyamba kumene m'dzikolo, ndipo makamu a anthu ankadzaza m'misewu kuonerera pa makanema oikidwa poyera. Dziko logonja pa nkhondo linkafuna kuona mwana wake akugwetsa azungu ataliatali. Koma m'seweroli gawo la Kimura lidali lomenyedwa ndi kugonja, kuti Rikidozan alowe ngati mpulumutsi. Kwa munthu yemwe adatha zaka zoposa 10 osagonja pa judo, ichi chidali chowawa, ndipo adanena poyera kuti pa kulimbana kwenikweni Rikidozan sangamuthe.

Adakumana pa 22 Disembala 1954 m'holo ya Kuramae Kokugikan ku Tokyo. Malinga ndi Kimura, adagwirizana kale kuti masewero oyambawo athere polepherana, kuti adzakumanenso kangapo onse n'kupeza ndalama. Kwa mphindi zingapo zonse zidayenda monga adapangana. Kenaka Rikidozan, yemwe pambuyo pake adati Kimura adamumenya theche malo osayenera, adayamba kumumenya zenizeni, makofi a pakhosi ndi kumaso ndiponso mateche. Kimura adaoneka wodabwa, osabwezera, mpaka adagwa osadzukanso. Anthu adakangana zaka zambiri pa za amene adaswa pangano. Koma ngakhale omukonda Kimura amavomereza kuti adapita kumeneko osakonzeka, atazolowera moyo wa mowa, pokhulupirira kuti pangano limuteteza. Munthu yemwe adadziwika ndi kukonzekera katatu kuposa anzake adagwa tsiku lomwe sadakonzekere konse.

Rikidozan adasanduka ngwazi ya dziko lonse, mpaka adabayidwa ndi mpeni ndi munthu wa gulu la zigawenga m'malo ena achisangalalo ku Tokyo mu Disembala 1963, n'kumwalira patatha sabata imodzi. Kimura adazimirira. Adayendayenda m'mayiko akunja akuchita zionetsero, ndipo mu 1959 adabwereranso ku Brazil komwe adalimbana ndi Valdemar Santana, wophunzira wakale wa a Gracie yemwe adagonjetsa Hélio mu 1955. Apa Kimura adali atapitirira zaka 40, koma adamugonjetsa mnyamatayo ndi kagwiridwe komwe kaja, ndipo pa kukumana kwina kololeza nkhonya ndi mateche adalepherana.

Kumayambiriro a zaka za m'ma 1960 adabwerera ku Takushoku ngati mphunzitsi. Mwa ophunzira ake mudali Doug Rogers wa ku Canada, yemwe adapata mendulo yasiliva pa masewero a Olympic a ku Tokyo mu 1964, ndi Kaneo Iwatsuri, katswiri wa Japan wa mu 1971. Koma Kodokan sidamukwezenso. Dan yachisanu ndi chiwiri yomwe adalandira nkhondo itangotha ndi yomwe adafa nayo, pomwe anthu omwe iye ankawagwetsa adakwera kumupitirira. Ambiri amakhulupirira kuti chifukwa chake chidali kulowa kwake m'masewero a ndalama.

Adamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 18 Epulo 1993 ali ndi zaka 75. Patangotha miyezi 7, pa 12 Novembala, mwana wa Hélio wotchedwa Royce adapambana mpikisano woyamba wa UFC mu mzinda wa Denver ku America pogonjetsa anthu akuluakulu matupi kudzera m'kulimbana kwa pansi. Dziko lidadzidzimuka, ndipo anthu atayamba kufufuza mbiri ya banja la a Gracie, adapeza kuti panali munthu wa ku Japan yemwe adagonjetsa bambo wa banjalo. Anthu a ku Japan ambiri adamva za masewero a ku Maracanã kudzera mwa a Gracie.

Mmodzi mwa omwe adakopeka ndi jiu-jitsu nthawi imeneyo adali a Sheikh Tahnoon bin Zayed Al Nahyan a ku Abu Dhabi, omwe ankaphunzira ku America. Mu 1998 adakhazikitsa mpikisano wa ADCC, woseweredwa popanda malaya a judo, kuti a jiu-jitsu, a judo, a sambo ndi olimbana a mitundu ina akumane pa malamulo amodzi. Mapointi alipo, koma ulemu weniweni umapita kwa wogonjetsa mnzake, monga zidalili mu 1951. Mwana wina wa Hélio, Royler, adapambana m'gulu la opepuka mu 1999, 2000 ndi 2001. Marcelo Garcia adatenga ukatswiri kanayi pakati pa 2003 ndi 2011. Roger Gracie, mdzukulu wa Carlos, adagonjetsa anthu onse 8 omwe adakumana nawo mu 2005 popanda kudalira mapointi, ndipo m'chaka chomwecho amayi adayamba kupikisana nawo. Mu 2022 ku Las Vegas, Gordon Ryan wa ku America adagonjetsa André Galvão wa ku Brazil pa masewero aakulu a mpikisanowo. Onsewa adakula akuphunzira kugwira ndi kuthawa kimura.

Banja la a Gracie lidakumananso ndi kagwiridweka mowawa. Mu Novembala 1999, pa mpikisano wa Pride ku Japan, Kazushi Sakuraba adagwira Royler ndi kimura mpaka woyimbira adaimitsa masewero. Mu Ogasiti 2000 adachitanso chimodzimodzi kwa Renzo Gracie, yemwe, monga Hélio zaka 49 m'mbuyomo, adakana kumenya pansi mpaka chigongono chidaguluka.

Hélio adamwalira mu Januwale 2009 ali ndi zaka 95. Patatha zaka ziwiri, mlembi Toshinari Masuda, yemwe naye adasewerapo judo ya kosen ali pa yunivesite, adatulutsa buku lalikulu la moyo wa Kimura atafufuza kwa zaka zambiri. Mutu wa bukulo ndi funso lofunsa chifukwa chomwe Kimura sadamuphere Rikidozan. Bukulo lidagulidwa kwambiri ku Japan, ndipo mu 2012 lidalandira mphoto ya Oya Soichi, yoperekedwa kwa olemba nkhani zochitikadi.